Khosi Langa Sindiphimbanso

Mpango wako ndauona, ndi wokongola, zikomo. Koma upinde bwinobwino, uyambe wauika apo. Ukwati ndi wako, ndibwera, ndivina mpaka pamene mawondo andilolere, koma ndibwera ndi khosi langa lomweli lili pamtunda. Ukuti abale a mwamuna wako ndi anthu ophunzira, aphunzitsi ndi makalaliki, adzandiyang'ana. Adzayang'ane. Masowo anawapatsa ndi Mulungu. Ine chipsera ichi ndinataya nacho dimba lathunthu, ndiye lero ndichibise chifukwa cha makalaliki?

Khala pamkekapo, nyembazi ndisankha ndekha. Tenga kope lako lija ndi pensulo. Amayi ako nkhaniyi amaidziwa mwa zidutswa, ndipo akamaifotokoza amaithira shuga. Iwe ulembe mmene ikutulukira pakamwa panga, usakonze ayi. Ine sukulu sindinapite, koma khosi ndi langa.

Kumene ndinabadwira sindikudziwa. Ndimangokumbukira mtengo wa mkuyu, mbuzi ya mawanga, ndi amayi akusinja. Tsiku lina m'mawa kunalira mfuti. Anthu ake sindiwadziwa mtundu. Ena amati anali awa, ena amati anali awo, ine ndinali kamwana, mano akutsogolo atangoguluka. Amuna anawaika m'goli, mtengo wa mphanda uja. Akazi ndi ana anatimanga chingwe cha luzi m'khosi, wina kutsogolo, wina kumbuyo, ngati mbewa pa mpani. Kutsogolo kwanga kunali amayi.

Luzi likanyowa ndi mvula kenako n'kuuma, limadya khungu ngati mpeni wobuntha. Amayi ankaponda pafupipafupi kuti chingwe cha pakati pathu chikhale cholendewera, chisandikoke. Ndiye kuti amene anali kutsogolo kwawo ankawakoka iwowo, khosi lawo n'kumalandira zonse, zawo ndi zanga. Tsiku lina, kaya lachingati, anagwa osadzukanso. Munthu wa mfuti anadula chingwe pakati pa iwo ndi ine, n'kundilumikiza kwa mayi wina wosamudziwa. Sindinalire, olira ankawamenya. Ndinacheuka kamodzi kokha, chingwe n'kundibweza.

Posakhalitsa khosi langa linayamba kununkha, ntchentche zili ng'aa, miyendo osayendanso. Anandimasula n'kundisiya pathengo, chakufupi ndi mtsinje wa Linthipe, kuti afisi amalize.

Amene ananditola anali mayi wa kuno kwa Kaphuka. Ankachokera kutsidya, kumene mng'ono wawo anatengedwa chitengwa. Nkhondo yomweyo inali itapha mng'ono wawoyo pamodzi ndi mwana wake wamkazi, wa msinkhu wanga. Iwo eni anabereka ana anayi, onse anapita ali aang'ono. Ndiye anandibereka kumbuyo mpaka kuphanga lina, tinakhalako mwezi wathunthu, iwo akutsuka bala ndi madzi ofunda n'kumamatapo masamba otafuna. Bala litapola linasiya mzere uwu, kuzungulira khosi lonse, wotukuka ngati njira ya chiswe. Anavula mikanda yawo, ya m'khosi ndi ya m'chiuno yomwe, n'kuitunganso mizere yambirimbiri, yothina, kuyambira apa mpaka apa. Atamanga mfundo yomaliza anandigwira chibwano nati:

"Kuyambira lero ndiwe mwana wa mng'ono wanga. Mikanda iyi usadzavule, ngakhale posamba, ngakhale kwa mwamuna. Ukadzavula, m'mudzi muno udzakhala kapolo mpaka kufa."

Iwe sungamvetse, wabadwa mochedwa. Masiku amenewo chipsera cha chingwe aliyense ankachidziwa. Munthu wachipsera chotere analibe mbumba, analibe atsibweni omuyankhulira. Anali ngati nkhuku, akafuna kulipira mlandu amatha kupereka iyeyo. Munda wakewake sakanakhala nawo. Mayi aja ankadziwa chimene ankachita.

Titafika kuno anthu analira maliro a mng'ono wawo uja, n'kundikhazika pakati, n'kundimeta mutu ndi lumo monga mwana wa malemu. Ulembe bwino pamenepa. Ndinameta maliro a mayi amene sindinamuonepo, pamene amayi anga ali panjira opanda wowafotsera dothi. Anthu ankandisisita kuti pepa, wafanana ndi amako mphumi. Ine n'kumavomera. Chipsera cha kunja mikanda inaphimba. Ichi cha m'kati chinalibe chophimbira, ndinangochimeza.

Ndinakula choncho. Khosi likamakula, mayi ankatseka chitseko n'kutunganso mikanda. Pa chinamwali chipsera sichinaoneke chifukwa anamkungwi anali iwo omwewo. Agogo ako aamuna anabwera kuchokera ku Mayani kudzalowa chikamwini. Munthu sungagone naye mphasa imodzi zaka osadziwa chimene chili m'khosi mwako. Anadziwa. Koma mkamwini pakamwa pake pamakhala m'thumba, ndipo iwowo analinso munthu wabwino. Tsiku lina anangonena kuti mikandayi ikuoneka yolemera, ndikadzatopa nayo ndinene. Basi, sitinaikambenso.

Mayi onditola aja atamwalira, dimba lawo linagwera ine, poti ndinali mwana wa mng'ono wawo amene analera, ndipo ndine ndinawadwazika. Dimba limenelo ukulidziwa, lija la kumunsi kwa mlatho. Masiku amenewo linali dimba, osati zimene ukuona lerozi. Madzi osaphwa chaka chonse, dothi lakuda. Anzathu akamadya gaga m'miyezi ya njala, ife tikuotcha dowe. Mpiru, nyemba, maungu, nzimbe kumapeto kwake. Ana anga aakazi atatu anakulira dimba limenelo.

Koma panali akulu anga. Si a mimba imodzi ayi, ndiye bwanji poti ine ndinali wotola. Anali mwana wa mchemwali wina wa mayi aja, wamkulu kwa ine, ndipo ankaona kuti dimbalo linayenera kukhala lawo. Munthu wamaso akuthwa, pakamwa pakuthwanso. Kumtsinje, akazi tonse titavula, ankandifunsa ngati khosi langa silipuma. Nthawi zina ankati malemu mng'ono wa mayi aja anali ndi zala zazitali, nanga ine zala zanga za chinangwazi ndinazitenga kuti. Ine ndinkaseka n'kuwayankha kuti ndinatengera atate. Ankakayika, koma umboni analibe. Umboni unali pansi pa mikanda.

Kenako kunabwera Azungu a ndevu, a mikanjo yoyera. Anatumiza mphunzitsi wachikuda m'mudzi muno, anamanga kasukulu ka udzu. Ine ndinalowa kalasi chifukwa cha nyimbo, ndisaname, komanso mwana wanga woyamba anali atalowa kale ndipo ankandiseka kuti sindidziwa kupemphera. Kalasi yake sinali ya masewera, zaka zinayi. Poyamba ankakupatsa mendulo, kenako kamtanda kakang'ono kopanda munthu. Zonsezo ndinkazikoleka pamwamba pa mikanda. Akulu anga nawonso analowa, kalasi imodzi. Tinkapikisana kuloweza katekisimu ngati atsikana. Iwo ankandiposa mayankho, ine ndinkawaposa nyimbo.

Chaka chachinayi anatiitana kumishoni kuti tikakhale masabata omaliza Pasaka asanafike, tikabatizidwe. Ulendo wa tsiku lathunthu, ufa pamutu. Akazi tinkagona m'nyumba imodzi yaitali, wotiyang'anira anali mkazi wa mphunzitsi wa pamishonipo, mayi wonenepa, wofatsa, wodziwa kusoka. Tsiku lina anatisonkhanitsa pabwalo kutiuza za tsikulo. Anati ansembe adzatiika mchere pa lilime, adzatidzoza mafuta pachifuwa ndi pakati pa mapewa, kenako madzi pamutu. Anati tsono m'khosi musadzakhale kanthu, mikanda yonse muvule, chifukwa ena amabisamo zithumwa.

Ndinamva ngati wina wakoka chingwe chija. Akulu anga sanandiyang'ane n'komwe, anangouza mayi amene anakhala naye pafupi, mokweza ndithu, kuti Loweruka tidzaliona khosi lija.

Usalembe kuti ndinali wolimba mtima kuyambira pachiyambi. Ndinaganiza zothawa. Ndinaganiza zonamizira malungo. Lachitatu agogo ako aamuna anabwera ndi ufa wina, tinakhala kuseri kwa khitchini, ndinawauza za kuvula mikanda kuja. Anatola kamtengo n'kumasewera nako. Kenako anati anthu ambiri amabatizidwa ali pa mphasa ya imfa, ndipo Mulungu amawalandira, bwanji ndidikire. Ndinati zaka zinayi ndayenda pachabe? Ndiye anati:

"Amake mwana, khosi ndi lanu. Koma dimba lija ndi limene likutidyetsa. Ana aakazi atatu, akamwini adzalima pati?"

Sanalakwe. Mpaka lero ndimati sanalakwe.

Madzulo ake, tikutunga madzi, ndinamukokera pambali mkazi wa mphunzitsi uja n'kumuuza zonse. Aka kanali koyamba kuuza munthu ndi pakamwa panga. Analira iyeyo, ine ayi. Kenako anapeza nzeru. Anati mafuta sadzoza m'khosi, amadzoza pachifuwa ndi kumsana. Anati Loweruka m'mawa andidulira mikanda m'nyumba mwake, chitseko chotseka, n'kundimanga kansalu koyera m'khosi, ndipo auza anthu kuti ndatuluka zithupsa. Ansembe sangavule munthu nsalu ya pabala. Anandipatsiratu kansaluko, koyera, kosokedwa m'mbali. Ndinakabisa m'chiuno ndipo ndinakondwa kwambiri. Ubatizo ndilandira, dimba ndisunga, akulu anga adya mpweya. Tsiku limenelo ndinadya bwino.

Tsono umve za Lachisanu. M'tchalitchi muja munali mtanda waukulu, koma chifikireni ife unali wokutidwa ndi nsalu yofiirira, womangidwa ndi tizingwe. Sindinauonepo m'kati mwake. Iwe unakulira m'tchalitchi, umadziwa kuti amatero chaka chilichonse. Ine sindinkadziwa. Ndinafunsa mnzanga chimene anakutira, anati muli Ambuye ndi mabala awo. Ndiye mumtima ndinati, eya, ngakhale kuno amadziwa kuti mabala ndi obisa. Ndinkauyang'ana mtanda wokutidwawo ngati mnzanga wa mikanda.

Lachisanu ife a kalasi anatiika kumbuyo, pakhomo. Wansembe wamkulu, wa ndevu zoyera, anatenga mtandawo n'kuimirira nawo kutsogolo kwa anthu onse. Anamasula pamwamba pang'ono, anaimba, anthu anagwada. Anasuntha, anavula dzanja limodzi la mtandawo, anaimba mokwezerapo, anthu anagwadanso. Ine mumtima ndikuti munthuyu akuchita chiyani, anthu onsewa akuona. Kachitatu anachotsa nsalu yonse, inagwera pansi. Anaukweza m'mwamba, n'kuutembenuzira uku ndi uku kuti ngakhale ife a pakhomo tione.

Munthu wosemedwa, nthiti pamtunda, kansalu m'chiuno mokha. M'manja mabala, m'mapazi mabala, m'nthiti bala lotseguka, magazi opakidwa ofiira. Palibe chimene anabisa. Ndiye Azungu aja anavula nsapato, anayenda ndi mawondo, n'kukapsompsona pamapazi, pabala penipenipo. Pambuyo pawo akhristu onse, amuna, akazi, ndi anthu amene ndinkawadziwa kuti sangagwire chilonda cha mwana wawo yemwe.

Mu katekisimu ndinali nditaloweza kale kuti anamugulitsa, anamumanga, anamukoka kupita naye kwa akuluakulu. Ndinkayankha ngati mwana woloweza nyimbo. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva kuti anamumanga ndi chingwe, chingwe chenicheni, ndipo amayi ake anali pomwepo akuona.

Titatuluka ndinamupeza mphunzitsi wa pamishoni uja akukonza mabenchi. Ndinamufunsa ngati Ambuye Yezu atauka mabala aja anatha. Anati ayi, anauka nawo, anawaonetsa anzawo, ndipo mmodzi amene ankakayika anamuuza kuti agwire. Ndinafunsa kuti nanga munthu wochiritsa akhate analephera bwanji kusalaza khungu lake lomwe. Mphunzitsi anakanda m'mutu, anati funso limenelo ndikafunse ansembe.

Sindinakafunse. Ndinakhala pansi pa mtengo ndi kansalu kanga m'chiuno, yankho ndinalipeza ndekha, kaya ansembe angalivomere kaya ayi. Anawasunga mabalawo kuti anthu asamusinthe ndi wina. Kuti pasapezeke wonena kuti amene anafa ndi wina, amene wauka ndi wina, kapena kuti sizinachitike. Ine anandisintha ndi wina. Ndinali kuyenda ndi dzina la mwana wakufa, kulira mayi wa mwini. Chinthu chokha padziko pano chonena kuti amayi anga analipo, kuti anaponda pafupipafupi chifukwa cha ine, chinali mzere uwu. Ndipo ine ndinali kukonzeka kukalowa m'madzi a Mulungu nditaumanga nsalu ya zithupsa zabodza. Ndiye akabatiza ndani? Mwana wakufa uja?

Loweruka m'mawa, dzuwa litangotuluka, kunja kukuzizira mmene kumachitira kuno mvula ikamatha, anatindandalika panja pa tchalitchi, amuna uko, akazi uku. Mkazi wa mphunzitsi anandikodola kuti tipite kunyumba kwake. Ndinatulutsa kansalu kaja n'kumupatsa.

"Nsalu yanu iyi, mayi. Dzulo mtanda anauvula. Ndibwerekeni mpeni."

Anandifunsa kawiri ngati ndaganiza bwino za ana. Ndinati ndaganiza. Anandipatsa mpeniwo, ndinadula ndekha. Ulusi unali utauma ndi mafuta a nsatsi a zaka zonsezo, unalimba ngati waya. Mzere woyamba, wachiwiri, mikanda ikugwera pansalu yanga, ina kugubuduka m'fumbi. Utaduka womaliza, mphepo inandikhudza m'khosi. Iwe, mphepo. Chiyambire ndili kamwana khosi langa linali lisanamve mphepo. Ndinamva ngati andithira madzi a m'dambo.

Akazi onse anacheukira kwa ine. Achikulire anadziwa nthawi yomweyo, ena anayang'ana pansi. Akulu anga anayandikira, anayang'ana kutsogolo, anazungulira kuyang'ana kumbuyo, n'kunena kuti ankanena iwo, ndi kapolo uyu, wadya dimba la eni zaka zonsezi. Ine mantha anali atathera m'mikanda muja. Ndinakweza chibwano.

"Onani bwino, akulu. Ngati mukukayika gwirani. Amene tikukabatizidwa m'dzina lake nayenso anamangidwa chingwe, munamuona dzulo. Ngati simulowa nyumba imodzi ndi akapolo, njira ya kwa Kaphuka ndi iyo."

Sanagwire, ndipo sanabwerere. Zaka zinayi nawonso anali atayenda. Analowa pambuyo panga, akupumira m'khosi mwanga momwemo.

Wansembe wa ndevu zoyera uja anaika mchere, anadzoza mafuta. Pofika kumsana chala chake chinaima pachipsera kanthawi. Kenako anapitiriza. Madzi atathiridwa pamutu anatsikira kuseri kwa makutu n'kuyenda mumzere wonsewu, ozizira. Usalembe kuti chipsera chinachoka. Ndinakadziyang'ana pachitsime masana ake, chinalipo, chonyansa mmene chinalili. Chimene chinachoka ndi kumeza kuja.

Mwambo utatha ndinapita kukhonde kumene wansembe wina ankalemba maina m'buku lalikulu. Ndinamuuza kuti dzina la amayi limene ndinapereka poyamba si loona, afufute. Anafunsa loona. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti sindikulidziwa. Mwana wa mano oguluka amayi ake amangoti amayi. Anadikira, cholembera m'mwamba. Ndinati:

"Lembani kuti analipo. Anagwa panjira. Ankayenda pang'onopang'ono kuti chingwe chisandipweteke."

Anati malo olembapo ndi ochepa. Ndinati alembe timalemba tating'ono. Analemba kanthu, nthawi yaitali ndithu, mpaka m'mbali mwa pepala. Chimene analemba sindikudziwa, poti sindiwerenga. Iwe ukadzapita kumeneko ukapemphe bukulo, ukaone ngati sanandinamize.

Nkhani inafika kumudzi ife tisanafike. Patapita masiku ochepa atsibweni, mwini mbumba, anatiitana. Anali nkhalamba yamantha, yokonda fodya wa m'mphuno, yosafuna phokoso. Anayetsemula kambirimbiri asanayambe. Akulu anga anayankhula nthawi yaitali: kuti dimba ndi la mbumba, kuti wotola si mbumba, kuti mayi onditola aja anawanamiza onse. Wina anati koma boma la Azungu linathetsa ukapolo. Akulu anga anati sakundigulitsa, akungofuna dimba la amayi awo. Pamenepo, kunena zoona, mwambo unali mbali yawo.

Atsibweni anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinati mayi aja ndinawasambitsa ndine, ndinawatembenuza pamphasa miyezi isanu ndine, pamene a magazi awo ankangosuzumira pakhomo atagwira mphuno. Ndinati chipsera ndili nacho, sindikana, ndipo sindinadzimange ndekha. Ngati pali wochita manyazi ndi amene anamanga chingwe, osati khosi.

Anagamula kuti dimba lipite kwa akulu anga. Ine, poti ndinadwazika ndi kuika malemu, asandithamangitse, andipatse malo kumtunda, kuphiri, kumene kunali miyala yokhayokha ndi anyani. Tinasiya chimanga chili m'munda, nzimbe zitakhwima. Mwana wanga wachiwiri, amayi akowo, analira n'kundifunsa chimene ndinalekera kumanga kansalu. Agogo ako aamuna sanandiyankhule masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinawapeza akukhomera khasu mpini watsopano. Anangoti miyala imafuna mpini wolimba.

Tisanakwere kuphiri ndinachita zinthu ziwiri. Choyamba, ndinatenga mikanda ija n'kukaikwirira pamanda a mayi onditola. Mphunzitsi wa m'mudzi atamva anabwera kudzandifunsa ngati ndayamba kale kuthira nsembe, sabata isanathe chibatizidwire. Ndinati sindinathire nsembe, ndabweza katundu wa eni. Mikanda imeneyo inandisunga ndi moyo, sindiinyoza. Mayi aja anandinamizira kuti ndikhale munthu, Mulungu awaone. Koma ntchito yake inatha.

Chachiwiri, ndinawapatsa agogo ako lumo kuti andimete. Anandimeta mpala pabwalo, masana, anthu akuona. Odutsa ankafunsa kuti wamwalira ndani, poti sanamve kulira. Ndinkayankha kuti amayi anga. Ankati liti. Ndinkati kalekale, koma uthenga wafika lero. Ndiye ndinalira. Ndinalira masiku atatu, kulira kwa maliro kwenikweni, kodzigwetsa pansi, ine mayi wa ana atatu. Ena ankati ubatizo wandipengetsa. Akazi awiri achikulire anabwera kudzakhala nane, ndipo mmodzi pochoka anakweza nsalu n'kundionetsa akakolo ake. Nayenso anali ndi zipsera za chingwe. Zaka zonsezo tinkatunga chitsime chimodzi.

Munda wa kuphiri ndi uwu ukudyawu. Miyala ija ukuiona yandandalikidwa m'malire tinazula ndi manja, ine ndi agogo ako ndi ana. Chaka choyamba tinadya zikhawo ndi masamba, sindikubisa. Mnyamata woyamba kufunsira amayi ako anathawa atamva kuti ndi mwana wa kapolo. Anachita bwino, anali waulesi, akanatithera mbewu. Wachiwiri ndi atate akowo, amene anabwera akudziwa zonse, n'kuzula miyala zaka ziwiri osadandaula. Kenako kumishoni anatipatsa mbewu ya mbatata ya kachewere, ndipo tinapeza kuti imakonda kumtunda kozizira. Amene ankatiseka anayamba kubwera ndi madengu kudzapempha mbewu. Ndinkawapatsa, khosi lili pamtunda.

Akulu anga tinagwada mkeka umodzi m'tchalitchi zaka zambiri. Dimba sanabweze, ine sindinapemphe. Ndinawakhululukira, ansembe anandivutitsa nazo mpaka ndinakhululuka, ndipo atamwalira ndinawasambitsa nawo. Koma kukhululuka si kuiwala malire. Ukadutsa pamlatho uone mmene adzukulu awo alilekerera, bango lokhalokha. Chimenecho chimandipwetekabe, ulembe, ndisaoneke woyera kuposa mmene ndilili.

Pa Lachisanu Loyera, chaka chilichonse, ndimapita ndi mawondo angawa kukapsompsona pabala paja. Anthu amati agogo khalani, akubweretserani pamene mulipo. Ndimakana. Ine ndi Iyeyo timadziwana. Ndipo tsiku lodzauka, ngati adzandifunse kuti thupi latsopano ulifuna lotani, ndidzati mano mundibwezere, mawondo mundikonzere, koma mzere uwu musiye. Amayi anga anandisiya ndili ndi mano oguluka, lero ndine nkhalamba yoposa iwo. Adzandizindikira ndi chiyani?

Waleka kulemba bwanji? Pukuta m'maso, udetsa kope. Bwera nalo dzanja lako. Gwira apa, usaope, sichiluma. Chimazungulira mpaka kumbuyo, apa ndi pamene panali mfundo.

Tsono abale a mwamuna wako akadzafunsa, usadzati agogo anapsa ndi moto ali mwana, monga amanenera amayi ako. Udzati anamangidwa chingwe ndipo sanafe. Akafuna zambiri uwatumize kwa ine, ndidzakhala kutsogolo, osati kuseri kwa nsanamira. Mpangowo bweretsa kuno. Ndimanga kumutu, kumene kuli imvi, izo ndiye zochititsa manyazi pa ukwati.